Fayilo ya Excel ikasiya kumvera mu browser: ndemanga pa malo ena a makompyuta pa boma la Dedza

Pa boma la Dedza pali malo angapo ochitira fotokope, kutayipa makalata ndi kusindikiza zithunzi, koma mwa onsewa ndapezapo amodzi okha, kufupi ndi msika, amene angathandize munthu amene fayilo yake ya Excel, pulogalamu ya Microsoft yosungira ndi kuwerengetsera manambala, yasiya kuchita zimene inkachita kale. Ndikuwayamikira makamaka chifukwa amatha kusiyanitsa fayilo yowonongeka ndi fayilo yabwinobwino imene yangotsegulidwa pamalo pamene singagwire ntchito yake yonse, ndipo kusiyana kumeneku amakunena mosabisa Chichewa, ngakhale kuti kutero kumawachepetsera ndalama zimene akanapeza. Pa nkhani ya mitengo ndi kasungidwe ka zinsinsi za makasitomala ali ndi zambiri zoti akonze.

Ine ndimasunga mabuku a gulu la alimi a mbatata ya kachewere cha ku Bembeke, gulu limene lilinso ndi banki m'khonde yake. Fayilo imene timagwiritsa ntchito anatikonzera mwana wa membala wina zaka zapitazo, ndipo ili ndi tsamba la masheya, la ngongole, la matumba amene membala aliyense wabweretsa, ndi la chidule cha mwezi. Pamwamba pa tsamba loyamba pali mabatani, lina lolowetsera zolembedwa pa tsiku la msonkhano, lina lowerengetsera chiwongoladzanja, lina lokonzera lipoti loti lisindikizidwe. Komiti itagwirizana kuti fayiloyi iikidwe pa OneDrive, malo a Microsoft osungira mafayilo pa intaneti, kuti wapampando ndi mlembi aziiona osadikira laputopu yanga, manambala onse ankaoneka bwinobwino, koma mabatani aja sankayankha ngakhale munthu awadine chotani, chidule cha mwezi wa Juni chinkasowa ngongole zina, ndipo mtengo wa thumba unangoima pa wa chaka chatha. Pamsonkhano panayamba kumveka zoti fayilo yalowa vairasi, ndipo ena, monga mmene zimakhalira pa ndalama za gulu, anayamba kundiyang'ana ine msungichuma ndi diso lina.

Achimwene amene amaona za makompyuta pamalopo sanayambe ndi malonjezo. Anangofunsa kuti, “Amayi, fayiloyi mukumaitsegulira kuti, mu Excel ya pa laputopu kapena mu Chrome?” Funsoli ndi limene linatsegula nkhani yonse, chifukwa Excel ilipo iwiri yofanana maonekedwe. Ina ndi pulogalamu yoikidwa mu kompyuta, pamene inayo imatsegukira mkati mwa browser, monga Chrome kapena Edge, ndipo aliyense amene ali ndi akaunti ya Microsoft angathe kuigwiritsa ntchito kwaulere pamodzi ndi malo a 5 GB a pa OneDrive. Zonse ziwiri ndi zobiriwira, zonse zili ndi timabokosi ndi mizere yofanana, mwakuti munthu akadina linki imene mnzake wamutumizira pa WhatsApp kapena pa imelo, sazindikira kuti walowa mu Excel ina. Iwo anandilozera pamwamba penipeni pa sikirini, pamene pankaoneka adiresi ya intaneti, n'kunena kuti adiresi imeneyo ikamaoneka ndiye kuti munthu ali mu browser. Kenako anayang'ana kumapeto kwa dzina la fayilo, pamene panalembedwa .xlsm, ndipo asanadine batani lililonse anali atadziwa kale chimene chinapha mabatani athu.

Kuyambira pa Office 2007, fayilo wamba ya Excel imathera ndi .xlsx, pamene imene ili ndi ma macro imathera ndi .xlsm. Ma macro ndi malangizo olembedwa m'chinenero cha VBA, chimene chakhala mu Excel kuyambira 1993, ndipo ndi amene amagwira ntchito kuseri kwa batani munthu akalidina. Excel ya mu browser imatsegula fayilo yotere, imalola kulembamo manambala, imasunganso ma macro osawafufuta, koma siwayendetsa. Achimwenewo anati fayilo yathu mu Chrome ili ngati ngolo yopakira kale koma yopanda ng'ombe: katundu yense alimo, koma chokoka palibe. Anatsindika kuti ili si vuto la netiweki, si vairasi, ndipo kufufuta zosungidwa mu browser kapena kuika Windows yatsopano sikungasinthe kanthu. Anandichenjezanso kuti Excel ya pa foni nayo siyendetsa ma macro, chinthu chimene wapampando wathu, amene amadalira foni pa chilichonse, anafunika kumva. Apa ndi pamene ndinawakhulupirira, chifukwa munthu amene mutu wamuima, monga mmene ndinalili ine, n'zosavuta kumuuza kuti kompyuta yonse ikufunika kuyeretsedwa n'kumulipiritsa.

Njira yachidule anandionetsa pomwepo. Pamwamba pa Excel ya mu browser, chakumanja, pali mawu akuti Editing, ndipo pansi pake pali Open in Desktop App, imene imatsegula fayilo yomweyo mu pulogalamu ya pa kompyuta ngati ilimo. Atatero pa laputopu yanga, mabatani onse anadzuka. Anandiuzanso za msampha wachiwiri umene umakola anthu amene amatsitsa fayilo pa intaneti n'kuiika pa kompyuta. Kuyambira 2022, Excel imatsekereza ma macro a m'mafayilo ochokera pa intaneti kapena pa imelo, ndipo imaonetsa mzere wofiira pamwamba wochenjeza za chitetezo, mwakuti munthu amaganiza kuti ngakhale pa kompyuta zakanika. Yankho lake ndi kutseka fayiloyo, kuidina ndi batani lakumanja la mausi, kusankha Properties, kuika chizindikiro pa Unblock, kenako n'kuitsegulanso. Anawonjezera, ndisanawafunse n'komwe, kuti zimenezi zizichitika pa fayilo imene munthu akudziwa bwino amene anaikonza, chifukwa chitsekerezo chimenechi chinaikidwa poona kuti akuba a pa intaneti amabisa mapulogalamu oipa m'ma macro.

Komabe cholinga cha komiti chinali chakuti anthu atatu azigwira ntchito pa fayilo imodzi, choncho kubwerera ku laputopu yanga sikunathetse nkhani. Iwo anandiyalira njira zimene zilipo. Excel ya mu browser ili ndi Office Scripts, zimene zimachita ntchito yofanana ndi ma macro, koma zimalembedwa m'chinenero china, TypeScript, mwakuti zonse zimafunika kulembedwa mwatsopano, komanso sizipezeka mu akaunti yaulere ngati yathu. Kusamukira ku Google Sheets, pulogalamu ya Google yofanana ndi Excel, sikukanadzutsa mabatani, chifukwa nako VBA sigwira ntchito ndipo amagwiritsa ntchito Apps Script. Njira imene analimbikitsa, imene ndikuona kuti ndi yoyenera magulu ambiri ngati lathu, ndi kuchotsa ntchitoyo m'mabatani n'kuiika m'mafomula wamba. Chiwongoladzanja chimene batani linkawerengetsa tsopano chikuwerengedwa ndi fomula ya pa mzere uliwonse wa ngongole, ndipo zonse za membala mmodzi zikuphatikizidwa ndi fomula ya SUMIFS. Mafomula, mindandanda yosankhapo dzina la membala, ndiponso mitundu imene imasintha yokha ngongole ikapitirira nthawi, zonsezi zimagwira ntchito mu browser ndi pa foni pomwe.

Pa ntchito imeneyi anachita chinthu china chaching'ono chosonyeza kusamala. Asanalembe fomula yotengera dzina la membala pa nambala yake, anafunsa kuti laputopu ya mlembi ili ndi Excel ya chaka chanji. Atamva kuti ndi ya 2016, anasiya fomula ya XLOOKUP n'kugwiritsa ntchito INDEX pamodzi ndi MATCH. XLOOKUP imagwira mu browser, mu Microsoft 365 ndi mu Excel 2021, koma mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe, ndipo fayilo ikatsegulidwa mmenemo fomulayo imaoneka ndi mawu achilendo akuti _xlfn kutsogolo kwake, kenako kabokosiko kamalemba #NAME? kakawerengedwanso. Choncho vutoli limayenda mbali zonse ziwiri: pali zimene kompyuta imatha koma browser sitha, palinso zimene browser imatha koma pulogalamu yakale ya pa kompyuta sitha.

Nkhani ya masiku ndi imene inatenga nthawi yaitali, ndipo ndi imene ikanatha kudanitsa anthu. Batani lolowetsera litasiya kugwira, mlembi ankalemba masiku mwachindunji m'timabokosi ali mu browser. Achimwenewo anakulitsa kolamu ya masikuyo n'kundipempha kuti ndiyang'anitsitse. Masiku ena anali atakhala kumanja kwa kabokosi, ena kumanzere. Pa mzere wina panali 18/06/2025 kumanzere, ndipo atalemba pambali pake fomula ya ISNUMBER, yoyeza ngati chimene chili m'kabokosi ndi nambala, yankho linabwera lakuti FALSE, kutanthauza kuti Excel sinkaliona ngati tsiku koma ngati mawu wamba. Akaunti yathu inkatsatira kalembedwe ka ku America, kamene kamayamba ndi mwezi kenako tsiku, ndipo popeza kulibe mwezi wa 18, Excel inangolisunga ngati mawu, chidule cha Juni n'kulilumpha. Choopsa kwambiri chinali masiku a kumanja aja, amene ankaoneka kuti ali bwino. Ngongole imene inatengedwa pa 5 Juni, yolembedwa 05/06/2025, inalowa ngati ya pa 6 Meyi, mwakuti mayi amene anaitenga akanalipira chiwongoladzanja cha mwezi umene ndalamazo anali asanazilandire.

Kukonza chiyambi cha vutoli kunali kosavuta. Mu Excel ya mu browser, pa File kenako Options, pali Regional Format Settings, ndipo anasankha Chingelezi cha ku United Kingdom, chimene chimayamba ndi tsiku monga mmene timalembera kuno. Mu Google Sheets zofanana ndi zimenezi zili pa File kenako Settings, pa Locale. Anandifotokozera kuti masiku akale, amene analowetsedwa fayilo ili pa laputopu, sanakhudzidwe, chifukwa Excel imasunga tsiku ngati nambala yowerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1900, ndipo chimene chimasintha ndi kaonekedwe kokha. Koma ananenanso mosapsatira kuti kusintha kumeneku sikubweza masiku amene analowa kale molakwika, ndipo palibe fomula imene ingadziwe ngati 6 Meyi ndi 6 Meyi weniweni kapena 5 Juni wotembenuzika. Tinatenga kaundula wathu wa pepala n'kuyerekezera mzere ndi mzere. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo iwo sanayese kuizemba poyerekeza ndi mutu.

Mtengo wa thumba umene unaima unali ndi chifukwa chake chapadera. Kabokosi kameneko kankatenga nambala kuchokera mu fayilo ina ya mitengo imene inatsala mu laputopu, ndipo mu fomula yake munkaoneka njira yoyamba ndi C:\. Browser singalowe mu kompyuta ya munthu kukawerenga fayilo ina, choncho imangoonetsa nambala yomaliza imene inasungidwa. Kwa ine vuto ili ndi loipa kuposa batani lakufa, chifukwa batani limadzionetsa lokha kuti lakanika, pamene nambala yakale imangokhala ngati yoona. Mafayilo onse awiri akakhala pa OneDrive kulumikizanako kumatheka, koma iwo anasankha kusamutsa mitengoyo n'kuiika ngati tsamba lina mu fayilo yomweyi, ndipo ndikugwirizana nawo.

Mavuto ochokera mu browser yeniyeniyo anawadutsa mwachangu, chifukwa kwa ife sanali aakulu, koma kayezedwe kawo ndi kothandiza kukadziwa. Tsamba likamakana kutseguka kapena likamangozungulira, amayamba atsegula fayiloyo pa windo yachinsinsi, imene siisunga mbiri ya zimene munthu wachita, podina Ctrl, Shift ndi N pamodzi, ndipo ikagwira mmenemo amadziwa kuti cholakwa ndi zowonjezera zimene munthu anaika mu browser, monga zotsekereza zotsatsa malonda, kapena zosungidwa zakale, zimene amafufuta kudzera pa Ctrl, Shift ndi Delete. Amayang'ananso msinkhu wa browser, chifukwa makompyuta ambiri a kaunjika amene ali m'maofesi ang'onoang'ono kuno akadali pa Windows 7, imene Chrome yake inathera pa 109 mu Januwale 2023. Paste ya pa mausi ikakana, amati munthu adine Ctrl ndi V kapena alole browser ikapempha chilolezo. Posindikiza amayamba aona ngati pepala lasankhidwa A4 osati Letter, limene ndi lalifupiko, chifukwa apo ayi mizere yakumapeto imadumphira pa tsamba lina.

Pa za netiweki anandipatsa malangizo oona koma osakwanira. N'zoona kuti Excel ya mu browser imasunga yokha zimene munthu akulemba, ndipo imafuna intaneti nthawi yonse, mwakuti bandulo ikatha pakati pa msonkhano ntchito imaima. Anatchula kuti Google Sheets ingathe kugwira popanda intaneti mu Chrome ngati munthu wayatsiratu zimenezi pamene intaneti ilipo, komanso kuti akaunti ya Google imabwera ndi 15 GB yaulere. Koma sanafunse kumene timakumanira. Akanafunsa, akanadziwa kuti malo athu a msonkhano netiweki imachita kufunafuna, ndipo akanayamba ndi mfundo imeneyi asanafike pa mafomula. Panopa timalemba mu kaundula pamsonkhano n'kulowetsa mu fayilo madzulo, ndipo njira imeneyi tinaipeza tokha.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi kasungidwe ka zinsinsi. Pofuna kuyerekezera mmene fayilo ikuonekera pa browser ina, anandipempha kuti ndilowe mu akaunti ya gulu pa kompyuta ya pamalopo. Tsamba lolowera litatseguka, panaoneka mndandanda wa maimelo a makasitomala ena amene analowapo m'mbuyomu osatuluka bwinobwino, ndipo Chrome itafunsa ngati isunge pasiwedi, dzanja lawo linali litapita kale pa Save ndisanawaletse. Mu Downloads munali makalata ofunsira ntchito, mindandanda ya malipiro ndi mafayilo ena a anthu osiyanasiyana, ndipo yathu, yokhala ndi mayina a mamembala ndi ngongole zawo, ikanatsalanso mmenemo ndikanapanda kupempha kuti ifufutidwe, mpaka mu Recycle Bin momwe. Sikirini yawo imayang'ana kumene anthu odikira fotokope amaima, ndipo pa boma laling'ono ngati la Dedza, pamene wodikira angakhale mlamu wake wa munthu amene ngongole yake ili pa sikirini, zimenezi si zazing'ono. Sindikuona kuti amachita dala, ndipo nditadandaula anapepesa n'kutembenuza sikiriniyo, koma munthu amene amadziwa kufunika kwa windo yachinsinsi poyeza vuto akuyenera kuigwiritsanso ntchito poteteza makasitomala ake.

Mitengo nayo sinalembedwe paliponse. Ya fotokope ndi kusindikiza ili pakhoma, koma ya ntchito ngati iyi imatuluka pakamwa ntchito itatha, zimene zimavuta kwa msungichuma amene ayenera kupempha chilolezo cha komiti asanatulutse ndalama ya gulu. Ndalama imene anatchula sinali yoboola m'thumba poyerekeza ndi nthawi imene anataya pokonza masiku olakwika aja, ndipo lisiti anandipatsa nditapempha, koma ndi bwino kugwirizana kaye mtengo wa kuyeza vuto padera ndi wa kukonzanso fayilo padera. Amafotokoza bwino koma mothamanga, ndipo salemba chilichonse, choncho amene sanatenge kope ndi cholembera adzafika kunyumba ataiwala pamene pali Unblock. Ndi munthu mmodzi yekha pamalopo amene amadziwa zinthu zimenezi, ndipo iye akachoka otsalawo amangokuuzani kuti mubwere mawa.

Batani lokonzera lipoti silinasinthidwe kukhala fomula, chifukwa limasanja masamba ndi kuwatumiza ku pulinta, ndipo iwo ananena poyera kuti limeneli lizidinidwa pa laputopu basi, kamodzi pa mwezi, kudzera pa Open in Desktop App. Amene fayilo yake ili ndi ma macro ambiri olumikizana, monga ya malipiro a antchito kapena ya katundu wa sitolo yaikulu, asayembekezere kuti malowa amulembera zonse mwatsopano, chifukwa iwo eni anati ntchito yotero imafuna wolemba mapulogalamu. Koma kwa a banki m'khonde, a makalabu a alimi, aphunzitsi osunga malikisi ndi alembi a mipingo, thandizo lawo ndi lokwanira. Popita kumeneko nyamulani laputopu imene fayiloyo inkagwirapo ntchito poyamba, foni imene imalandira nambala yotsimikizira akaunti, ndi kaundula wa pepala, ndipo fikani m'mawa anthu a fotokope asanadzaze. Ngati mpofunika kulowa mu akaunti pa kompyuta yawo, pemphani windo yachinsinsi, lembani pasiwedi nokha, ndipo muitseke nokha musananyamuke.